Ngolo Yobwera Yosaitanidwa

Kodi ndani ankakankha ngolo ya odwala n'kukaisiya pakhomo pamene mwana sanayambe n'komwe kudwala? Funso limeneli linazungulira mudzi wa Ziakombe nyengo yonse ya mvula. Amayi ankafunsana potunga madzi padziwe, anthu ankafunsana pobwerera ku maliro, abambo ankalinong'ona pomwa mowa wa uchema, koma panalibe amene anali ndi yankho loti n'kugona nalo tulo.

Kanze anamva za ngoloyo madzulo ena akupala kokonati woti atendere chinangwa. Anakhala chotambalala pa kampando kopalira, popeza mimba yake inali itakwana miyezi isanu ndi iwiri ndipo kuwerama kunali kovuta. Mwana wake Nyevu, wa zaka zinayi, ankaingitsa nkhuku zimene zinkafuna kujompha m'mbale. Mwamuna wake, Thoya, anali mlonda ku Mombasa ndipo ankabwera kamodzi pa miyezi iwiri. Pakhomopo Kanze ankakhala ndi apongozi ake, a Dama, komanso Sidi, mkazi wa mkulu wake wa Thoya, munthu amene nkhani sinkamugonera m'kamwa.

"Amake Nyevu, wamva za kwa Fondo?" anatero Sidi asanatule n'komwe chigubu pamutu.

"Ndimvera kuti, ine woyenda ngati bakhane?"

"Ngolo yagona pakhomo pawo. Adzuka m'mawa, ndi iyo, yayang'ana chitseko."

"Wadwala ndani?"

"Nkhani yagona pamenepo. Palibe. Kitsao wawo ndamusiya pompano akugenda zipatso za mbibu ndi anzake."

"Mwina ana amaseweretsa."

"Ana ako amatsekula loko?"

Kanze anaitana Nyevu, n'kumugwira pamphumi ngati akumuchotsa kachitsotso.

Ngoloyo inabwera ndi anthu a bungwe lina zaka zisanu zapitazo. Inali ya matayala awiri, ya kamatiresi kobiriwira ndi kadenga ka lona, ndipo poyamba inkakokedwa ndi njinga. Njingayo inatha kalekale, ngolo n'kusanduka yokankha ndi manja. Komabe inali yofunika, chifukwa chipatala chaching'ono chimene anthu a Ziakombe amadalira chili pa mtunda wa makilomita khumi ndi limodzi, kutsidya kwa mtsinje wa mchenga. Namwino wake ndi mmodzi, ndipo Lachisanu masana amatseka n'kupita kwawo mpaka Lolemba. Mvula ikayamba a njinga zamoto amaikana njira imeneyo. Galimoto ya odwala ukaiitana, utakwera pachulu kuti foni igwire, amayamba akufunsa ngati mtsinje waphwa.

Ngoloyo inkamangidwa ndi tcheni ku mtengo wa kuseri kwa tchalitchi. Kiyi ankasunga a Ngumbao, bambo wa imvi mutu wonse amene anakankhapo odwala m'chipatala cha m'tauni kwa zaka makumi awiri. Akazi awo anamwalira, ana awo anali kutali. Masana ankakhala m'mbali mwa njira ya kudziwe akuluka masamba ofolerera nyumba, ndipo mwana aliyense wodutsa ankamupatsa moni wa m'manja.

Fondo atapita kukawafunsa, a Ngumbao anatulutsa kiyi amene ankalendewera m'khosi mwawo.

"Kiyi ndi uyu, mwana wanga."

"Nanga yafika bwanji kwanga?"

"Zimenezo zisiye. Koma poti yafika, bwanji osamuyendetsako mwanayo, namwino akamuone?"

"Akamuone chiyani? Mukumulosera mwana wanga?"

A Ngumbao anangoweramira pa masamba awo.

Patapita masiku atatu Kitsao anatentha thupi. Tsiku lachinayi anatembenuza maso, manja ndi miyendo n'kuyamba kukoka. Aliyense anadziwa kuti chamudutsa chakumwamba. Dzina lake lenileni satchula pamene pali ana, chifukwa kulitchula n'kuchiitana, ndipo kuuza mayi kuti mwana wake akuoneka ngati chimugwira ndi mwano woti anthu angadanirane mpaka kumanda. Chinanso chimene aliyense anakula akuchidziwa n'chakuti mwana wogwidwa ndi chakumwamba sabayidwa jakisoni, pakuti singano ikangolowa mwanayo amatsirizika. Choncho anamufukiza ndowe za njovu, namusambitsa masamba, masiku awiri athunthu. Tsiku lachitatu, zitakanika, anamugoneka pa ngolo ija. Anamwalira asanawoloke mtsinje.

Maliro atatha anthu anayamba kuilambalala ngoloyo. Amayi opita ku kwaya anasiya njira ya kuseri kwa tchalitchi. Ena ankati ukadutsa pafupi umamva fungo la mankhwala otsukira pansi m'chipatala, ngakhale kuti ngoloyo inkagona panja ndipo mvula inkaisambitsa tsiku ndi tsiku.

Ngoloyo itayenda kachiwiri, Kanze anaimva yekha ndi makutu ake. Kunali kukuyamba kuyera, iye atadzuka kuti akatulutse mbuzi. Tayala la kumanzere la ngoloyo linali ndi kulira kwake kumene mwana aliyense wa m'mudzimo ankakudziwa: kwii, kenako zii, kwii, kenako zii. Kulirako kunkachokera cha kutchalitchi, kukubwera pang'onopang'ono ngati wokankhayo sakufuna kudzutsa munthu. Kanze anaima kuseri kwa chitseko dzanja lili pa mpiringidzo. Kunafika pa mpanda wawo, n'kukhala chete. Anawerenga kupuma kwake mpaka kasanu ndi kawiri. Kenako kulira kuja kunayambanso, kukutsetsereka cha kumunsi.

Ngoloyo anaipeza kwa Kache, mayi wamasiye wa ana atatu. Kache sanaikhudze. Alongo ake anaikankha ndi mitengo mpaka kuibweza kutchalitchi, ndipo mtsikana wake wamng'ono atatentha thupi pa tsiku lachiwiri, Kache analumbira kuti mwana wake sakwera chinthu chimene chinadya Kitsao. Mwanayo anamwalira m'nyumba patatha sabata.

Apa m'pamene mudzi unayamba kuyang'anana ndi diso la kumbali. Ena ankati ndi namwino, mlendo uja wochokera kumtunda, amene amafuna magazi a ana. Ena ankati a bungwe aja sanapereke ngoloyo chabe, ndipo tsopano ikudzilipira yokha. Mlamu wake wa Kache anatchulidwa, mbusa wa patchalitchi anatchulidwa, ngakhale a Dama anatchulidwa chifukwa ankadzuka m'mamawa kukafuna bowa. Anthu anasiya kubwerekana moto. Mwana akatsokomola, mayi ake ankamutseka pakamwa kuti oyandikana nawo asamve.

Kanze anali atafika folomu yachinayi. Ankadziwa za udzudzu ndi malungo, khadi la kusikelo la Nyevu ankalisunga m'pepala la pulasitiki, ndipo neti yake inalibe bowo limene sanalisoke. Koma apongozi ake atamangira Nyevu kachingwe kakuda padzanja, iye sanakadule. Sankafuna kulakwira mbali iliyonse. Usiku umodzi ankatha kumugwira mwanayo pamphumi kakhumi, mpaka Nyevu ankadandaula kutulo kuti amayi akumusokoneza.

"Umutha khungu mwanayo," ankatero Sidi. "Sukulu yonse ija unaphunzira kugwira pamphumi basi?"

"Iwe ako anakula, ulibe nazo ntchito."

"Anakula ndi ndowe za njovu zomwezi. Aone, ali ngati ng'ombe."

"Nanga ana awiri aja munaika kuseri kwa khola?"

Awiriwo sanalankhulane mpaka mawa lake.

Ngoloyo itaima kachitatu, pakhomo pa Baya, loko anali atasinthidwa kale ndipo tcheni chinali chowirikiza kawiri. Anapeza loko wotseka bwinobwino, tcheni chili mbwee pansi, ngolo palibe. Mwana wa Baya anaikidwa m'manda Loweruka lotsatira, ndipo anthu sanabalalike pobwerera. Anasonkhana pansi pa mtengo waukulu wa mbibu wa pamphambano, Fondo ali patsogolo, maso ake ali psuu. A Ngumbao anawakhazika pakati, pa mtondo wogwetsedwa.

"Kiyi wa loko watsopano anali ndi ndani?" anafunsa Fondo.

"Ndi ine," anayankha a Ngumbao.

"Ndiye tifunsenso chiyani?"

"Funsani chifukwa chake ana atatu amwalira ndi matenda amene ine ndinkawaona akuchizidwa tsiku ndi tsiku."

Anthu anang'ung'udza. Fondo anayang'ana uku ndi uku mpaka maso ake anagwera pa Kanze.

"Amake Nyevu, inu ndinu a sukulu, simunganame. Nyumba yanu ili m'njira ya kudziwe. Bambowa amatani ndi ana akamadutsa?"

Kanze akanakonda kunena kuti sadziwa, koma anthu onse ankadziwa kuti amadziwa.

"Amawapatsa moni."

"Basi?"

"Amawatembenuza chikhatho n'kuyang'anamo. Nthawi zina amawakoka chikope cha m'munsi."

"Kitsao anamutero?"

"Anamutero."

"Nanga wanu?"

"Dzana," anatero Kanze, mawu ali pansi.

Ananena zoona zokhazokha, koma anaona nkhope za anthu zikusintha ngati thambo la mvula. A Ngumbao anamuyang'ana nthawi yaitali, osati mokwiya, koma ngati munthu amene ali ndi mawu ndipo akudziwa kuti sangawatulutse. Madzulo a tsiku lomwelo nyumba yawo inapsa. Eni ake sanapezekemo. Wina anati anawaona pa msewu waukulu atanyamula kathumba, opanda nsapato. Fondo ndi anzake anagulula matayala a ngolo ija, n'kukaponya zonse m'dzenje lakale lokumbamo miyala, limene nthawi ya mvula limadzaza madzi obiriwira akuya kuposa munthu.

Kwa sabata ziwiri mudzi unapuma. Amayi anayambanso kuseka padziwe. Kanze yekha ndiye sankaseka, chifukwa ankakumbukira chala cha a Ngumbao chikutsata mizere ya m'dzanja la Nyevu, ndipo sankadziwa ngati chalacho chinkawerenga kanthu kapena chinkalemba.

Lachisanu lina m'mawa, mvula itagwa usiku wonse, Kanze anatsekula chitseko kuti akataye madzi. Ngolo inali pakhonde penipeni, itayang'ana chitseko. Matayala onse awiri anali m'malo mwake. Ndere zobiriwira zinkalendewera ku kadenga kake, madzi akudontha pa matiresi, ndipo fungo la mankhwala a m'chipatala linadzaza bwalo lonse. Sanamve kulira kwa tayala ngakhale kamodzi.

Beseni linamupulumuka. A Dama anatuluka m'nyumba mwawo, naima, nagwira pakamwa. Sidi anabwera akumanga nsalu. Kanze anayang'ana mapazi a apongozi ake: anali ndi matope. Anayang'ana m'munsi mwa nsalu ya Sidi: munali monyowa. Koma kunja konse kunali matope, ndipo aliyense anali wonyowa.

"Yadzera uti?" ananong'ona Sidi. "Woyendayu kapena wa m'mimbayo?"

"Tseka pakamwa pako," anatero a Dama. "Kanze, lowetsa mwana. Nditumiza uthenga kwa a Fondo abwere ndi nkhwangwa."

Nyevu anatuluka akutikita m'maso, napempha phala. Pamphumi pake panali pozizira. Kanze anagwada movutikira, natenga dzanja la mwanayo, nalitembenuza monga ankachitira a Ngumbao. Analiyika pambali pa lake. Chikhatho cha Nyevu chinali choyera ngati mkati mwa chinangwa. Anakoka chikope cha m'munsi, namonso munali mbuu, mopanda kufiira. Anakumbukira chithunzi chimene chinali pakhoma la kusikelo, chimene anachiyang'ana kambirimbiri podikira pamzere osachilabadira. Kenako anawerenga m'mutu: kwa Fondo anadikira, kwa Kache anadikira, kwa Baya anadikira. Ndipo lero linali Lachisanu.

"Amayi, ndikupita naye kuchipatala."

"Mwana wabwinobwino?"

"Eya."

"Pa chimenecho?"

"Nanga ndimubereka pati? Kumbuyo iye, kutsogolo mimba, makilomita onse aja? Kapena mumubereka inu?"

"Ukudziwa chimene akamuchite kumeneko. Akamubaya. Chikamupeza m'njira, iwo n'kumubaya, ukabwera ndi mtembo. Ndidzamuuza chiyani Thoya?"

"Mudzamuuze kuti ndinakukanirani."

Kanze anali asanawayankhepo chomwecho apongozi ake. Anapukuta matiresi aja ndi chiguduli, nayalapo nsalu ziwiri, natenga khadi la kusikelo. Nyevu anakwera akuseka, akuyesa masewera. Kanze atagwira chogwirira anamva chitsulo chili chofunda ngati wina wangochisiya kumene, koma sanauze munthu.

Palibe amene anamuthandiza. Anthu anaima m'makomo mwawo, ena akukokera ana awo m'nyumba. Atadutsa mbibu wa pamphambano anamva mapazi kumbuyo. Anali Sidi, atanyamula ambulera yothyoka.

"Usaganize kuti ndiikhudza," anatero Sidi. "Ndangobwera kuti ukaberekera m'thengo pakhale wokauza anthu."

"Zikomo, mlamu."

"Usandithokoze. Ndiwe wamisala ngati amako."

Njira inali ya dothi lofiira lomata, lodutsa m'minda ya chinangwa ndi m'tchire la minga. Tayala lija linayambanso kulira. Ola loyamba Nyevu ankaimba ndi kuloza mbuzi. Ola lachiwiri anasiya kuimba, nati akumva kuzizira. Pamene ankatsikira kumtsinje, dzuwa lili pafupi kufika pamutu kuseri kwa mitambo, thupi lake linali ngati mbaula.

Mtsinje unali wofiira, ukuthamanga, madzi olekeza m'ntchafu. Anaima pa gombe lomwelo pamene Kitsao anathera. Ndipo pomwepo Nyevu anatembenuza maso, nsagwada n'kulumana, timanja n'kuyamba kukoka.

"Chafika," anatero Sidi. "Kanze, tibwerere. Amayi ali nazo zofukiza."

"Ayi."

"Ndi pano pomwe, Kanze. Yatibweretsa pamalo pake."

"Munyamule umuwolotse. Mugoneke chammbali."

"Ine?"

"Wati ngolo suikhudza. Mwanayu si ngolo."

Sidi anamuyang'ana, natukwana chapansipansi, naponya ambulera, nanyamula mwanayo pamapewa n'kulowa m'madzi. Kanze anatsatira ndi ngolo. Ankayembekezera kuti madzi ayikokolola, kapena matayala atitimira mumchenga. Koma ngoloyo inadula madzi molunjika, ndipo iye ndiye ankachita kukokedwa, mapazi ake akungokhudza pansi mwa apo ndi apo.

Kutsidya kuli chitunda chachitali chimene ngakhale amuna awiri amapumira kawiri akamakankha wodwala. Anamugonekanso Nyevu, kukoka kuja kutaleka koma asanatsitsimuke. Kanze anagwira chogwirira, nayamba kukwera. Sanamve kulemera kulikonse. Anachita kufulumiza mapazi kuti ngoloyo isamusiye. Ali pakati pa chitunda anazindikira kuti Sidi, amene ankabwera m'mbuyo, wasiya kulankhula.

"Kanze."

"Ndamva."

"Akukankha nawe ndani?"

"Palibe."

"M'matopemu muli mapazi."

"Ndi anga."

"Ako ndikuwaona. Awa ndi ang'onoang'ono. Ali mbali zonse ziwiri."

"Usandiuze."

"Tangoyang'ana pansi."

"Sindiyang'ana. Yenda pafupi ndi ine."

Sidi anabwera pambali pake n'kumugwira nsalu ngati mwana. Anakwera chitunda chonsecho maso ali kutsogolo, tayala likulira.

Anafika pachipatala namwino Wanza akulowetsa kiyi pa loko, chikwama chili paphewa, wa njinga yamoto akumudikira pansi pa mtengo. Namwinoyo anayang'ana ngolo ya ndereyo, anayang'ana mwana, natsekulanso chitseko osafunsa kanthu. Anamubaya kachala, nadontheza magazi pa kachipangizo koyezera, ndipo mizere iwiri inatuluka asanamalize n'komwe kusamba m'manja.

"Malungo, ndipo akwera kumutu. Magazinso achepa kwambiri. Wayamba liti?"

"Lero, m'njira."

"Ndiye unanyamuka asanadwale?"

Kanze anavomera ndi mutu. Namwino anatsekula kabati, natulutsa timabotolo. "Tatsala titatu. Ukanabwera Lolemba sindikudziwa." Anasakaniza mankhwala, nakoka m'jakisoni, nagwira mkono wa Nyevu. Singano itayandikira khungu, dzanja la Kanze linauluka lokha n'kugwira dzanja la namwino. Zonse zimene anamva chibadwire zinali m'dzanja limenelo: mawu a amayi ake, mawu a apongozi ake, ndi nkhani za ana amene anangoti kubayidwa n'kuzizira.

"Ali ndi chija," ananong'ona. "Chinamugwira kumtsinje."

"Ndikudziwa chimene mumaopa kwanuko," anatero namwino mosakweza mawu. "Ana amene mumati yawapha singano amafika kuno tsiku lachinayi, atatha kale. Wako wafika tsiku loyamba. Koma sindilimbana nawe. Ukapanda kundisiya, wasankha ndiwe."

Sidi anali pakhomo, nsalu ili kukamwa. Kanze anayang'ana nkhope ya mwana wake. Anachotsa zala zake chimodzichimodzi, natembenukira kukhoma.

Namwino anamubweza wa njinga uja, ndipo sanapite kwawo sabata imeneyo. Galimoto ya odwala inafika Lamlungu mtsinje wina wa kutsogolo utaphwa, n'kuwatengera kuchipatala chachikulu cha ku Kilifi kumene Nyevu anamuwonjezera magazi. Lachitatu anadzuka n'kufunsa chifukwa chake phala lake lija sanamupatse.

Ali komweko Kanze anamva kwa mayi wina wa m'chipindamo za malo ena kunja kwa tauni kumene kumakhala nkhalamba zothamangitsidwa m'midzi. Tsiku lotuluka anapempha Thoya, amene anali atabwera, kuti adzere kumeneko. A Ngumbao anawapeza atakhala pa benchi, akuluka masamba monga kale. Ataona Nyevu anatambasula dzanja, kenako analibweza msanga.

"Mugwireni, bambo," anatero Kanze. "Ndabwera kudzapepesa."

A Ngumbao anatembenuza kachikhatho kaja, nayang'anamo, namwetulira pang'ono.

"Unanena zoona, mwana wanga. Ndinkawayang'ana. Zaka makumi awiri ndikukankha ana, dzanja la mwana amene magazi akumuthera ndimalidziwa ngati langa. Koma ndikanamuuza bwanji mayi wake? Ukanena, wachiitana. Ukanena uli ndi imvi ngati izi, ndiwe mwini wake. Ndiye ndinati ngolo ikandinenere."

"Ndiye munali inu."

"Kwa Fondo ndinali ine. Kwa Kache ndinali ine. Tsiku limenelo ndinaima pa mpanda wanu kuti ndipume."

"Nanga kwa Baya?"

A Ngumbao anasiya kuluka.

"Wa Kache atamwalira ndinalumbira kuti sindidzaikhudzanso. Ndinaona kuti ndikungowathamangitsa anthu ku chinthu chimene chikanawathandiza. Mwana wa Baya sindinamuonepo n'komwe, sankadzera njira ya kudziwe."

"Kwathu?"

"Ine ndinali kuno, miyendo itatupa. Funsa aliyense. Ndinkaganiza za dzanja la mwanayu tsiku lililonse, koma ndinalibe womutuma."

Kanze anawauza za m'dzenje la miyala, za ndere, ndi zimene Sidi anaona pachitunda. Bamboyo anayang'ana Nyevu amene ankatola timiyala pafupi ndi benchi.

"Anali mapazi a anthu angati?"

"Sidi akuti atatu."

"Ana akaona mnzawo ali pamavuto amathamanga kukaitana akuluakulu," anatero a Ngumbao. "Komanso ana akasungulumwa amabwera pakhomo kudzatenga mnzawo kuti akasewere. Ine sindikudziwa kuti atatu amene anamwalira aja anadzera chiti."

"Koma anandithandiza kukankha."

"Anakuthandiza. Kaya ankafulumirira kuchipatala, kaya kumtsinje, iwe n'kuwapitirira. Usamusiye yekha pafupi ndi ngoloyo."

A Ngumbao sanabwererenso ku Ziakombe. Kanze anabereka mwana wamwamuna mwezi wotsatira, ndipo mpaka lero amatembenuza zikhatho za ana ake m'mawa uliwonse asanawapatse phala. Ngolo ija namwino anaisiya pakhonde la chipatala, koma Lolemba lake sinaliponso. Anthu anaipeza kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wake. Palibe amene anaimanganso tcheni, palibenso amene amavomera kuti anaibweza. Chaka chino yaima kale pamakomo awiri. Banja lina linanyamuka m'mawa womwewo, lina linayamba lapita kukaombeza.

Tsono ndikupempheni chinthu chimodzi, inu amene muli ndi ana. Ikadzaima pakhomo panu, musayambe ndi kufufuza mapazi kapena kufunsa amene waibweretsa. Mukwezeni mwanayo tsiku lomwelo, mugwire chogwirira ndi manja onse awiri, ndipo pamtsinje musaime.